Miyala Imene Ndinasenza

Ine ndine woumba mbiya, kapena ndinene kuti ndinali. Manja awa aumba, aumba, aumba! Mitsuko yanga yafika pamsika wa ku Embangweni, yafika ku boma ku Mzimba, yatunga madzi m'midzi imene phazi langa silinapondemo. Lero manja omwewa agwira cholembera, ndipo mtima ukuvina, chifukwa amuna anga akadali chigonere pamene tinawagoneka. Anthu anatsala pang'ono kuwafukula. Ndipo amene anawalozera njira anthuwo ndine ndemwe, osadziwa.

Amuna anga ankadula paini ku Luwawa. Ankabwera kunyumba akununkha utomoni, malaya ali nyatanyata, koma Lamulungu likakwana ankavala malaya oyera mbee, oti ntchentche inkachita manyazi kuterapo. Atamwalira tinawaika m'mbali mwa khola lakale, pamtunda pa mudzi, pafupi ndi ng'ombe zawo, monga amagonera amuna a kwathu kuno. Asanatseke maso ananena okha kuti kumanzere kwawo kusiyidwe malo. Malowo ndi anga.

Tsopano ndinene za mtapo, kumene ndinkatapa dongo.

Mtapo umenewu anandionetsa ndi apongozi anga ndili mtengwa, ndisanabereke. Unalibe njira. Umatsika kumudzi mpaka powolokera, mbwenu umalowa m'madzi, n'kumakwera mtsinje madzi ali m'mawondo, kuti udzu usadziwe kuti pamadutsa munthu. Ukapinda kawiri, pali chigwembe chobisika m'nsungwi. Apongozi anandigwira khutu pamenepo n'kunena kuti mwamuna asadzapondepo, akadzaponda mbiya zonse zidzang'aluka pamoto. Ndinasunga mawuwo zaka zanga zonse. Ngakhale amuna anga sanapadziwe.

Thanthwe la m'chigwembemo si thanthwe ngati ena. Ndi la masambamasamba, ngati zitenje zopinda zosanjikizana, ndipo masamba onsewo anagona mbali imodzi, kuloza kumapiri a ku Luwawa. Ukalikanda ndi chikhadabo limanyenyeka, limanyezimira. Ndinkalisinja n'kusakaniza ndi dongo lotuwa la pomwepo, ndiye mbiya zanga zinkalira ngeee ukazigogoda. M'kati mwa masambawo munkadutsa mwala woyera, ngati mafuta m'nyama ya ng'ombe. Apa wanenepa ngati ntchafu, apo waonda ngati chala, apo wasowa, kutsogolo watulukanso, koma osasiya kutsata kumene masamba a thanthwe anagonera.

Maliro atatha ndinalonjeza chinthu chimodzi. Ndinati kwa amuna anga, adada, malaya oyera aja simudzawasowa. Ulendo uliwonse wa kumtapo ndinkagumula mwala woyera uja n'kuika pamwamba pa dongo m'dengu. Senzani, kwerani, tulani. Senzani, kwerani, tulani. Mwala ukakhala woyera bwino, wosalala ngati dzino, unkapita pamanda. Koma ina inkagumuka yonyansa, ya dzimbiri, ya timabowo ngati chisa cha chiswe. Imeneyo sindikanawaveka amuna anga, yayi. Ndinkaitaya m'njira yochokera powolokera kukwera kukhola, kuti nthawi ya mvula ndisamaterereke. Chaka ndi chaka, chaka ndi chaka, mpaka njira yonse inakhala mzere wa miyala ya dzimbiri, ndipo pamwamba pake manda ali mbee, oonekera kutali.

Kenaka kunabwera anthu a mabeseni.

Chinali chaka chimene ntchito ya macheka inachepa ku Chikangawa. Amuna anayamba kutsika m'mitsinje ndi mabeseni ndi mafosholo, kutsuka mchenga, kufuna golide. Kwathu anafika asanu ndi mmodzi, kenaka sindinawawerengenso. Wamkulu wawo anali bambo wa kuchigawo chapakati, wocheka matabwa, wa zala zitatu kudzanja lamanja. Ziwiri zinatsala pa macheka. Anali waulemu, woseka msanga. Ine ndinkangomuti Wamacheka.

Powolokera pathu anapeza timchenga tachikasu pansi pa beseni. Tsiku lina mmodzi anatola mwala wa dzimbiri m'njira, anauponda mumtondo wachitsulo, anatsuka ufa wake, ndipo beseni linaonetsa kamchira kachikasu kuposa mchenga wonse wa mumtsinje. Anakuwa! Anatola wina pamwambapo, chimodzimodzi. Wina pamwambapo, chimodzimodzi. Anaimirira onse n'kuyang'ana kumtunda, maso akutsata mzere wa miyala, kukwera, kukwera, mpaka pa mulu woyera wa pakhola.

Anati mtsempha wa golide ukudutsa pansi pa njira, ndipo mutu wake uli pamene paphukira miyala yoyera yambiri paja.

Anayamba kukumba. Dzenje loyamba pafupi ndi madzi. Silinawapatse kanthu, anati mtsempha uli pansi kwambiri, tisunthe. Lachiwiri pamwamba pake. Lachitatu. Dzenje lililonse linkayandikira khola, ngati mapazi a chinthu chachikulu chimene chikukwera phiri pang'onopang'ono.

Ndinapita kwa Wamacheka ndikuseka, poti ndinkaona ngati nkhani yake ndi yaifupi.

"Mwana wanga, mukudzivutitsa. Miyala iyi sinamere pano. Ndinaisenza ine pamutu."

"Yonseyi, agogo?"

"Yonse."

"Khosi lake limenelo?"

Anyamata ake anagwa nazo chiseko. Mmodzi anati, "Agogowa ndi lole ya matabwa, angotsala kuwaika matayala!"

"Chabwino," anatero Wamacheka, "ngati munasenza, munaitenga kuti?"

Pamenepo khutu limene apongozi anagwira lija linatentha. Ndinati, "Kutali."

"Kutali kuti?"

"Kutali basi."

Anandiyang'ana mwachisoni, osati mwachipongwe. "Agogo, ndikumvetsa. Paja pagona bambo athu. Inenso ndikanakhala inu ndikananena zomwezo."

Ndinapita kwa alamu anga, ang'ono awo a amuna anga, amene mawu a pamudzi ali kwa iwo. Ndinawapeza atamva kale, atavomera kale. Anati mafupa sakhala ndi mizu. Anati tipha ng'ombe, tiitana abale, tiwanyamula akulu athu mwaulemu, tikawagoneka kumanda a kutchalitchi, tiwamangira chiliza cha simenti chokhala ndi dzina.

"Nanga malo anga a kumanzere, alamu?"

"Kumeneko mizere ndi ya amene wayamba kufa, mlamu. Mudzagona pamene pali mpata."

"Ndapota, alamu. Miyala ija ndinasenza ndine. Simunkandiona?"

"Ndinkakuonani ndi dengu la dongo. Za m'kati mwa dengu la mkazi wa mkulu wanga ndikanazidziwa bwanji?"

Anaika tsiku. Loweruka la sabata yachitatu.

Masabata amenewo sindidzawaiwala. Inali nthawi ya chisanu, nkhungu ikutsika kuchokera m'paini m'mawa uliwonse, n'kukhala pamudzi mpaka dzuwa litakwera. Dzuwa likaithamangitsa pena ponse, m'maenje muja inkatsalamo. Umaima m'mphepete masana, n'kuona utsi woyera uli phee pansi, ukupuma, kukwera pang'ono, kutsika pang'ono. Ng'ombe zinakana njira ija. Zikafika padzenje lachitatu zinkaima, makutu njo, n'kubwerera kukazungulira kuminda. Palibe anazimenya. Abusa nawonso ankangozungulira nazo.

M'mawa wina ndinagwada pamanda kuti ndizule udzu. Ndinaika chikhato pa mwala. Ndinamva.

Du. Du. Du.

Osati m'khutu. M'dzanja. Kunkachokera pansi, kukwera m'mwala, kulowa m'mafupa a mkono mpaka m'mano. Ndinadziwa kuti ndi mapiki a anthu aja, chifukwa ndikakweza mutu ndinkawamva chapatali m'nkhungu, go, go. Koma za pansizo zinkafika msanga, zisanafike za m'mwamba, ngati munthu wa pansiyo ndiye akuyamba, anthu a mapiki akungomuyankha.

Ndinati, "Adada, ndi ine. Pepani."

Du. Du.

Tsiku lina ndinapeza miyala itatu yatsetsereka pamulu, yagona kumanzere, pamalo anga. Ndinaibweza. M'mawa mwake yatsetserekanso, yomweyo itatu. Dothi la m'mbali linang'ambika kamng'alu kolowa chala. Nkhuku zimene zinkapalasa pakhola masiku onse zinasiya kufikako. Ine ndinkangoyenda kuchoka kunyumba kupita pakhola, kuchoka pakhola kupita kunyumba, khutu likutentha, dzanja likugunda. Kuno apongozi akuti sunga, uko amuna anga akugogoda.

Lachisanu, kutatsala tsiku limodzi, ng'ombe yoti iphedwe itamangidwa kale pamtengo, ndinali kuwaza nkhuni kuseri kwa nyumba. Chikuni chinandikanira, ndinachitembenuza, chinang'ambika chokha. Ndinaima ndi nkhwangwa m'manja. Eee! Munthu uja ndi wamacheka!

Ndinanyamula chikuni china, ndinatsika. Dzenje lomaliza linali poti ukaponya chitsononkho chikagwa pamanda. Wamacheka anali m'mphepete, akumwa tiyi wa m'botolo.

"Mwana wanga, ndiwazireko ichi."

Anaseka, anachiimika, anakweza nkhwangwa.

"Yayi. Chigoneke. Uchiwaze chopingasa."

"Agogo, mtengo suwazika chopingasa. Uli ndi mizere yake. Umatsata kumene mizere yapita."

"Wanena wekha. Nanga thanthwe?"

"Thanthwe latani?"

"Tsika m'dzenje lakolo. Usayang'ane golide. Uyang'ane ngati ukuyang'ana thabwa. Undiuze kumene mizere yapita."

Anandiyang'ana, anayang'ana anyamata ake, anatsika pamakwerero a mitengo. Nkhungu inamumeza mpaka chipewa. Tinangomva akukanda khoma ndi chitsulo. Anakhalitsa. Atatuluka sankasekanso.

"Yapingasa njira," anatero. "Njira ikukwera chonchi, mizere ikudutsa chonchi."

"M'maenje ena aja?"

Anatsika njira yekha, dzenje ndi dzenje, kulowa, kutuluka, kulowa, kutuluka. Ife tili chiimire. Pobwera ndinamupatsa mwala wa dzimbiri wa m'njira ndi kamtengo.

"Tokosa m'timabowomo."

Anatokosa. Munatuluka dongo louma, lotuwa ngati phulusa.

"Dothi la pano ndi lotani?"

"Lofiira."

"Lotuwalo ndi la m'dengu langa. Mwalawu unakwera phiri lino utakhala pa dongo, dongo litakhala pamutu panga, pakhosi lomwe munaliseka lija."

Mnyamata wa matayala uja anayang'ana pansi. Ine mtima unayamba kale kuimba. Ndinati zatha, zatha, adada gonani!

Koma Wamacheka anakhala pa mulu wa dothi, n'kupukuta nkhope ndi zala zake zitatu.

"Agogo, ine ndakhulupirira. Koma taonani anthu awa. Akumba mwezi wathunthu, ana awo akudikira. Ndikawauza kuti mizere yapingasa, andiyankha kuti mizere sadya. Mawa abwera ndi alamu anu, afukula, kuti aone okha. Ine sindingawaletse ndi pakamwa. Chimene chingawachotse pano ndi chimodzi. Mwalawu uli ndi mayi wake. Ali kuti?"

Ng'ombe yomangidwa ija inalira kumudzi, kamodzi.

Ndinayang'ana kumtunda, mulu uli mbee m'nkhungu. Ndinayang'ana kumunsi kumtsinje. Ndinagwira khutu langa ndekha, ndinati chamumtima kwa apongozi, amama, mwana amene wagona apoyo ndi wanu. Munamubereka ndinu. Mundikhululukire.

"Vula nsapato," ndinatero. "Ubwere wekha."

Tinalowa m'madzi, ine patsogolo. Madzi a mwezi umenewo amaluma ngati mpeni. Kupinda koyamba, mbalame zikulira. Kupinda kwachiwiri, zinaleka. Sindikunama, zinaleka zonse. Tinapatula nsungwi, tinalowa m'chigwembe, ndipo phazi la mwamuna linaponda pamtapo. Ndinadikira kuti china chichitike. Sichinachitike. Madzi okha ankadontha kukhoma, tho, tho, ndipo pa dongo panali zala zanga za ulendo watha, zisanu, zili chikhalire.

Wamacheka anayendetsa dzanja pa masamba a thanthwe monga amasisitira thabwa. Anapeza mwala woyera, anautsata ndi chala, ponenepa, poonda, posowa, potulukanso.

"Ukupita uko," anatero, akuloza kumapiri a ku Luwawa. Mudzi unali kumsana kwathu.

Anasiya poyera bwino, anagumula pa dzimbiri. Anatembenuza chibenthucho. M'kabowo kamodzi munali kanthu kachikasu ngati kanjere ka mawere, kosanyezimira kwambiri, kongokhala phee, ngati kakhala kakutiyang'ana zaka zonsezi. Anavula chipewa.

"Ndiye yoyera bwino ija, ya pamanda?" anafunsa.

"Kaponde umodzi uone."

Anaponda madzulo omwewo, alamu anga akuonerera. Beseni linatuluka loyera, lopanda kanthu. Ndinaseka mpaka kukhala pansi! Zaka zonsezo ndinkasankhira amuna anga miyala yopanda golide, golide ndikutaya m'matope kuti ndizipondapo! Alamu anangoti, "Mlamu, mbwenu mwatipusitsa tonse." Ndinati, "Enya, kuyambira ine ndemwe." Ng'ombe anaimasula. Loweruka, m'malo mofukula, anthu aja anakwirira maenje a m'njira, lililonse, ine nditaima pamenepo ndi ndodo.

Mtapo unatha msanga. Nsungwi anadula, njira inatseguka yoti njinga yamoto imafika. Pamene panali zala zanga pali dzenje lakuya la makwerero atatu. Dongo lotuwa analiponda, analisakaniza ndi zinyalala, linapita ndi madzi. Ndinali nditasungako dengu limodzi kunyumba. Ndinaumba mitsuko inayi, ndinaiyanika bwino, ndinaiotcha monga mwa masiku onse. Inang'aluka yonse inayi, phwa, phwa, phwa, phwa. Kaya linali dongo logonera, kaya anali mawu a apongozi, ine sindidziwa. Sindinaumbenso.

Patapita miyezi kunabwera mayi wina wophunzira za miyala, wa kanyundo m'chiuno ndi nsapato zachimuna. Anamva za ine, anandipeza pakhonde. Anandiuza kuti kalekale, kusanakhale munthu kapena ng'ombe, dziko la pansi pathu linang'ambika, mbali iyi ikukankhira uku, mbali iyo ikukankhira uko, ndipo thanthwe la pakati linafinyika, linatentha, linakhala masambamasamba. Anati madzi otentha ochokera pansi penipeni anakwera m'ming'alu ya masambawo, ndipo atazizira anasiya mwala woyera, pamodzi ndi golide ndi timiyala ta chitsulo. Timiyala ta chitsuloto mvula inatidya, n'kusiya dzimbiri ndi timabowo, koma golide mvula simudya, n'chifukwa chake amapezeka ali yekha m'kabowo.

Ndinatenga dothi lonyowa, ndinaliika pakati pa zikhato, dzanja ili kutsogolo, ili kumbuyo, ndinatsegula. Masamba, onse ogona mbali imodzi.

"Chonchi?"

"Chonchotu, amama! Anakuphunzitsani ndani?"

"Mbiya."

Ndinamufunsa ngati dzikolo linasiya kukankhana. Anati pamenepo linagona kale, zaka zosawerengeka. Ndinangoti yewo chomene. Sindinamuuze za dzanja langa.

Chifukwa anthu aja tsopano ali kutali, mtsempha wawatenga, ukuonda, ukunenepa, ukuwakokera kumapiri. Mapiki awo samveka pamudzi. Ndipo Lamulungu sakumba, Wamacheka salola, ndi munthu wopemphera. Koma Lamulungu lomwelo, ndikatuluka m'tchalitchi, ndimakwera kukhola ndi nsalu yanga yoyera. Ng'ombe zikudya, nkhuku zabwerera, dzuwa lili pamutu. Ndimagwada, ndimaika chikhato pa mwala.

Du. Du. Du.

Poyamba ndinkachita mantha. Tsopano ayi, tsopano ndimaseka. Miyala itatu ija ndinasiya kuibweza. Yagona kumanzere, pamalo anga, yandisungira. Ndimatola kamwala, ndimagogoda katatu pamwamba, ndimati, "Ndamva, adada, ndamva! Malaya anu ali mbee, malo anga alipo, palibe wakusunthani. Musafulumire. Ndikadadya chimanga cha chaka chino."

Ndikatero pamakhala phee, mpaka Lamulungu linalo.